Misonkhano ya Othandizana Kuleka Mowa: Mmene Mungaipezere Muli ku Rufunsa

Munthu amene mowa wamugwira amalumbira kambirimbiri kuti waleka. Koma ndalama za malasha kapena za cimanga zikangolowa m'thumba, amapezeka wabwerera ku kacasu. Kulangiza ndi kudzudzula kokha sikukwanira, cifukwa ucidakwa ndi matenda amene amagwira thupi ndi maganizo. Njira imodzi imene yathandiza anthu ambiri ndiyo kukumana kawirikawiri ndi anzawo amene akulimbana ndi vuto lomweli.

Ciyambi ca misonkhanoyi

Gulu lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwacidule AA. Linayamba mu 1935 mu mzinda wa Akron ku America, pamene amuna awiri amene mowa unawasautsa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anaona kuti kukambirana kunali kuwathandiza kukhala osamwa. Mu 1939 anatulutsa buku lofotokoza masitepe 12 a kucira. Sitepe yoyamba ndi kuvomera kuti mowa wakuposa mphamvu. Ena amakhudza kudalira Mulungu monga mmene munthu amamudziwira, kuulula zolakwa, ndi kukonza zimene unawonongera ena. Kumbali ya mipingo, m'busa Louis-Lucien Rochat anayambitsa gulu la Blue Cross ku Geneva mu 1877. Palinso Al-Anon, ya mu 1951, yothandiza akazi, amuna ndi acibale a munthu womwa.

Zimene zimacitika pa msonkhano

Msonkhano umatenga pafupifupi ola limodzi. Wotsogolera naye ndi munthu amene anali cidakwa. Aliyense amachula dzina loyamba lokha, ndipo amafotokoza za moyo wake popanda womudula mawu kapena kumuweruza. Wobwera koyamba angathe kungomvetsera. Palibe malipiro; mbale ikadutsa, woponya amaponya mwa kufuna kwake. Cofunika kuti munthu alowe n'cimodzi: kufuna kuleka kumwa. Misonkhano ina ndi yotseguka, moti acibale angapezekepo, ina ndi ya okhawo amene ali ndi vutoli. Pakapita nthawi, watsopano amasankha mnzake amene wakhala nthawi yaitali osamwa kuti azimuimbira foni cilakolako cikafika. Cimene amalimbikitsana ndi kusamwa lero lokha, mawa n'kuyambanso cimodzimodzi.

Yambirani ku cipatala

Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, musaleke mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa, ndipo ena amagwa ngati a khunyu kapena kuona zinthu zimene palibe, makamaka pa tsiku laciwiri ndi lacitatu. Zimenezi zingathe kupha. Pitani ku kiliniki ya kwanu kapena ku cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya, ndipo muwauze zoona za kuculuka kwa mowa umene mumamwa. Ofunika cithandizo capadera amatumizidwa ku Chainama Hills mu Lusaka, cipatala cimene cili m'mbali mwa Great East Road. Msonkhano sulowa m'malo mwa mankhwala.

Kumene mungafunse

Magulu a AA amakumana mu Lusaka. Masiku ndi malo amasintha, conco funsani musanawononge ndalama ya basi. Anamwino ndi alangizi a ku Chainama angakulozereni, monganso a ofesi ya Drug Enforcement Commission, amene amapereka uphungu kwa ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Amene ali ndi foni ya intaneti angalowe misonkhano ya pa Zoom, ngakhale kuti yambiri imacitika m'Cingelezi.

Ngati Lusaka ili kutali

Kwa munthu wa ku Shikabeta, Chinyunyu kapena Bunda Bunda, kupita ku Lusaka mlungu uliwonse n'kosatheka. Koma mwambo wa AA umalola kuti ngakhale anthu awiri kapena atatu ofuna kuleka mowa ayambe gulu lawo. Cofunika ndi cipinda, tsiku ndi ola losasintha, ndiponso kulumikizana ndi gulu lakale kuti liwapatse mabuku ndi malangizo. Ndi bwino kuika msonkhano pa nthawi imene ciyeso cimakula, monga Loweruka madzulo.

Apa ndi pamene mpingo ungathandize: kupereka cipinda ndi kiyi, kenako n'kucoka. Msonkhanowu si bwalo la akulu a mpingo, ndipo maina a opezekapo salembedwa kapena kulengezedwa pa Sondo. M'mudzi mmene aliyense amadziwa mnzake, mawu amodzi akangotuluka kunja, anthu sabweranso. Gululi lilandirenso a mipingo ina ndi osapemphera.

Kwa apabanja

Simungathe kulekera munthu wina mowa, koma mungamuperekeze ulendo woyamba. Lekani kumulipirira nkhongole za mowa ndi kumubisira zolakwa. Ngati pali nkhanza m'nyumba, kanenani ku Victim Support Unit ya apolisi. Musadikire kuti ayambe wacira. Akagwa n'kumwanso pambuyo pa miyezi ingapo, si kuti zonse zatha. Ambiri amene lero akhala zaka osamwa anagwapo. Cofunika n'cakuti abwerere ku msonkhano wotsatira, ndipo akapeze mpando wake ulipo.