Golide wa ku Lisungwi ndi dongosolo la maelekitironi

Chigwa cha mtsinje wa Lisungwi m'boma la Neno chakhala chikudziwika ndi golide kuyambira nthawi ya atsamunda. Anthu amasefa mchenga m'mabeseni n'kupeza timibulu tachikasu tomwe takhala m'madzi zaka zosawerengeka osachita dzimbiri, chikhalirecho khasu loiwalika m'dimba la m'mbali mwa mtsinje womwewo limafiira dzinja lisanathe. Kusiyana kumeneku kumalongosoledwa ndi tchati cha maelementi chotchedwa periodic table, chomwe ophunzira a kusekondale amachidziwa m'phunziro la Chemistry.

Tchatichi, chimene maziko ake anayalidwa ndi Dmitri Mendeleev wa ku Russia mu 1869, lero chili ndi maelementi 118. Aliyense ali ndi nambala yake, yomwe ndi chiwerengero cha mapulotoni a m'phata la atomu. Maelekitironi amazungulira phatalo m'zigawo zosanjikizana ngati makoko a anyezi, ndipo khalidwe la elementi limadalira kwambiri maelekitironi a m'chigawo chakunja.

Sodiyamu, nambala 11, amasanja maelekitironi ake motere: 2, 8, 1. Potaziyamu, nambala 19, yemwe amaimiridwa ndi chilembo K pa thumba la feteleza wa NPK, ali ndi 2, 8, 8, 1. Onsewa ali mu gulu loyamba, kumanzere kwenikweni kwa tchati, ndipo sachedwa kutaya elekitironi imodzi yakunjayo. Potsika m'gululi atomu imakula, elekitironi yakunja imatalikira phata, motero imachoka mosavuta. N'chifukwa chake potaziyamu amayaka akagwera m'madzi, ndipo m'nthaka sapezeka payekha koma atagwirana ndi maelementi ena. Kuchoka kumanzere kupita kumanja zinthu zimatembenuka: mapulotoni amachuluka, atomu imachepa, phata limakoka mwamphamvu. Kolorini, wa 2, 8, 7, amalanda elekitironi ya sodiyamu, ndipo zotsatira zake ndi mchere wothira m'ndiwo.

Chozizwitsa n'chakuti golide, nambala 79, nayenso ali ndi elekitironi imodzi yokha kunja: 2, 8, 18, 32, 18, 1. Wophunzira amene waloweza lamulo lakuti elekitironi imodzi yakunja imachoka msanga angayembekezere kuti golide aziyaka m'madzi a Lisungwi. Sizitero. Mphamvu yofunika pochotsa elekitironi imeneyo, poiyeza m'makilojoule pa mole, ndi 419 kwa potaziyamu, 496 kwa sodiyamu, koma 890 kwa golide.

Zifukwa zake n'ziwiri. Maelekitironi a m'zigawo zazikulu zija za 32 ndi 18 satchinga bwino mphamvu ya mapulotoni 79, choncho elekitironi yakunja imamva chikoka cha phata pafupifupi ngati palibe mpanda wokwanira pakati. Chachiwiri chimachokera ku chiphunzitso cha Albert Einstein: pafupi ndi phata lolemera chotere maelekitironi amathamanga liwiro loposa theka la liwiro la kuwala, ndipo zimenezi zimafinya njira zawo kuti ziyandikire phata. Ngakhale golide ali pansi pa siliva mu gulu la 11 ndipo ali ndi chigawo chimodzi chowonjezera, maatomu awo ndi ofanana kukula, ndipo siliva amataya elekitironi yake pa 731 pokha. Apa lamulo la kutsika m'gulu lasweka, ndipo m'kusweka kumeneku ndi mmene mwagona mtengo wa golide: mpweya ndi madzi zimalephera kumulanda elekitironi, choncho sasintha. Ngakhale maonekedwe ake achikasu amachokera ku kufinyika komweku.

Atomu yolemera koma yaing'ono imapanga chitsulo chothithikana. Golide amalemera kuwirikiza ka 19 poyerekeza ndi madzi a muyeso wofanana, pomwe mchenga sufika n'katatu komwe, ndiye chifukwa chake amatsalira pansi pa beseni. Mwala wonyezimira wa pyrite, umene wapusitsa ogula ambiri, umangofika kasanu, ndipo umaphwanyika ukamenyedwa pomwe golide amangophwatalala.

Woyandikana ndi golide pa tchati ndi mercury, nambala 80, yemwe ali ndi maelekitironi awiri kunja. Awiriwa ndi ogwiridwa zolimba kotero kuti maatomu a mercury sagwirana mokwanira, n'chifukwa chake chitsulochi chimakhala chamadzimadzi. Mercury amasungunula golide, ndipo okumba ang'onoang'ono m'maiko ambiri a mu Africa amamugwiritsa ntchito potola timibulu tosaoneka bwino, kenaka n'kuwotcha chosakanizacho. Mercury amawira pa madigiri 357, ndipo nthunzi yake imawononga ubongo, mitsempha ndi impso za woipuma. Wotayikira mumtsinje amalowa m'nsomba. Pangano la maiko la Minamata la mu 2013 linakhazikitsidwa pofuna kuchepetsa mchitidwewu, ndipo nkhaniyi imakhudza Neno mwachindunji, pakuti madzi a Lisungwi amathira mu Shire, momwe anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amaphamo nsomba.