Charlie Sifford, Wonyamula Ndodo Amene Anatsekula Chipata

Ambiri a ife sitinaonepo masewera a gofu, ndipo amene anawaonera patali ku Blantyre kapena ku Zomba anangozizwa poona anthu akuluakulu alikulondola kampira padzuwa. Chifukwa chake tiyambe tafotokoza machitidwe ake, kuti mbiri imene tifuna kunena imveke bwino. Masewerawa anakulira ku Scotland. Pabwalo lalikulu la msipu amakumba timaenje 18 motalikirana, ndipo munthu amamenya kampira kolimba, kochepera dzira la nkhuku, ndi ndodo yopindika kunsonga, kufikira katalowa m'dzenje. Wopambana ndiye amene wamenya kochepa koposa anzake. Pa mpikisano waukulu amazungulira bwalo kanayi m'masiku anayi, ndiwo maenje 72. Popeza ndodozo nzambiri ndi zolemera, wosewera amalemba mnyamata womunyamulira thumba lake.

Mmodzi wa anyamata otere anali Charlie Sifford, munthu wakuda, wobadwa pa 2 June 1922 ku Charlotte, m'chigawo cha North Carolina, kumwera kwa dziko la America. Masiku amenewo lamulo la kumeneko linalekanitsa akuda ndi oyera m'sukulu, m'sitima ndi m'nyumba zodyera. Mwana wakuda analoledwa kulowa m'bwalo la gofu monga wantchito yekha. Charlie analandira masenti 60 pa tsiku, ndipo ambiri a iwo anapereka kwa amake. Koma ponyamula thumbalo maso ake sanagone. Anapenyetsetsa magwiridwe a ndodo ndi maimidwe a mabwana ake, nayeseza yekha pamene bwalo linali lopanda anthu, kufikira anaposa ambiri a iwo amene anawanyamulira. Nzeru yotere siinakondweretse eni bwalo. Pokhala wa zaka 17 anasamukira kumpoto, ku Philadelphia, kumene kunali bwalo la mzinda lotchedwa Cobbs Creek, lolola munthu aliyense. Pambuyo pake anatumikira usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Tsono atabwera kunkhondo anafuna kuti gofu akhale ntchito yake yodyera. Apa ndipo panali linga. Bungwe la akatswiri osewera molandira ndalama, lotchedwa PGA, linalemba m'malamulo ake m'chaka cha 1934 kuti wololedwa kulowamo ndi mzungu yekha. Mu 1948 akatswiri akuda, mwa iwo Bill Spiller ndi Ted Rhodes, anatengera nkhaniyi kubwalo la milandu ku California, ndipo bungwelo linalonjeza kuleka tsankho kuti mlandu uthe. Koma taonani kuchenjera kwake: mipikisano yambiri imene kale inatchedwa yotsekukira onse inasandulika ya oitanidwa okha, ndipo kalata yoitana siinafike kwa wakuda. Ife aphunzitsi tidziwa mwana amene amasunga mawu a lamulo nathyola tanthauzo lake, ndipo timamuopa koposa wosamvera wapoyera.

Akuda anali nalo bungwe lawolawo, United Golfers Association, ndi mpikisano wawo wa chaka ndi chaka. Sifford anaupambana kasanu ndi kamodzi: zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1952 kufikira 1956, ndiponso mu 1960. Koma mphotho zake zinali zazing'ono, zosakwanira kudyetsa banja. Chimene chinamusunga ndicho ntchito ya kwa Billy Eckstine, woimba wotchuka, amene anamulemba kuti azimuphunzitsa gofu ndi kuyenda naye m'maulendo ake.

Kunali munthu wina wakuda, Jackie Robinson, amene mu 1947 anayamba kusewera pakati pa azungu m'masewera a baseball, napirira zonyoza zambiri. Sifford anapita kwa iye kukapempha uphungu. Robinson anamufunsa ngati ali munthu wothawa nkhondo ikakula. Ndipo atamva kuti iyayi, anamuuza kuti ayese, koma adziwiretu kuti adzatukwanidwa ndipo sadzayenera kubwezera. Mawuwa anakwaniridwa msanga. Mu 1952 ku Phoenix, Sifford ndi anzake akuda, pamodzi ndi Joe Louis, ngwazi ya nkhonya, analoledwa kuyesa mwayi wawo. Ndipo pofika padzenje loyamba anapeza kuti wina anaikamo chonyansa cha munthu. Tichita manyazi kulemba ichi m'tsamba lino, koma tikachibisa simudzazindikira kulemera kwa mtolo umene munthuyu anasenza.

Mu 1957 anapambana ku Long Beach, naposa akatswiri oyera omveka. Ngakhale zinatero chipata chinakhalabe chotseka, kufikira nkhani yake inamveka kwa Stanley Mosk, mkulu wa zamalamulo m'boma la California. Ameneyu sanapemphe chifundo. Anauza bungwe la PGA kuti likasunga lamulo la tsankho silidzachititsanso mpikisano m'mabwalo a chigawo chake, ndipo analembera akulu anzake a m'zigawo zina kuti achite chomwecho. Pamene thumba la ndalama linayamba kuopsedwa, mitima inafewa. Mu 1960 Sifford anapatsidwa chilolezo cha kusewera m'mipikisano ya bungwelo, ndipo mu November 1961 mawu aja onena za azungu okha anafafanizidwa.

Pakati pa zaka ziwirizi panagwa chiyeso chimene ife tiyesa chachikulu koposa m'moyo wake. Mu April 1961 anaitanidwa ku Greensboro, m'chigawo chomwe anabadwira, ndipo anali wakuda woyamba kusewera mpikisano wa PGA kumwera kwa dzikolo. Tsiku loyamba anamenya 68, natsogolera onse. Usiku wake munthu anamuimbira lamya namuopseza kuti asaonekenso pabwalo. M'mawa anapitabe. Gulu la amuna linamulondola dzenje ndi dzenje, alikufuula zotukwana pa nthawi yomwe anakweza ndodo. Tikumbukire kuti gofu afuna bata ndi dzanja losanjenjemera. Kampira kakaphonya ndi chala chimodzi, mphotho yapita. Wothamanga angathe kusandutsa mkwiyo wake ukhale liwiro, koma wa gofu akakwiya waonongeka. Sifford anameza mkwiyowo masiku onse otsala, natsiriza pa malo achinayi. Ndipo atachoka kumeneko anayenda ulendo wautali kunka ku Texas, kumene anamubweza pachipata.

Chimene chitimvetsa chisoni ndi ichi, kuti chipata chinatseguka mochedwa. Analandira chilolezo chija alikuyandikira zaka 40, pamene anzake oyera anayamba ali anyamata a zaka makumi awiri. Zaka za mphamvu zake zinathera kunja kwa linga, ndipo palibe munthu angathe kumubwezera. Ulemu wa kukhala wakuda woyamba kupambana mpikisano wovomerezeka wa PGA unagwera Pete Brown mu 1964. Sifford anapambana wake woyamba ku Hartford mu 1967, ali wa zaka 45, atamenya 64 tsiku lotsiriza, ndipo analira misozi pamaso pa khamu. Mu 1969 anapambananso ku Los Angeles, atalingana ndi Harold Henning wa ku South Africa namuposa padzenje loonjezera. Mu 1975 anatenga chikho cha PGA cha akatswiri achikulire.

Ena anamunena kuti ngwaukali ndi wosaseka, wongoluma ndudu yake yaikulu ya fodya. Ife sitiona chifukwa cha kumudzudzula. Amene anaponyedwa miyala zaka zambiri, nakhala chete, sitingamufunsenso kuti bwanji sasekerera.

Bwalo limodzi silinamulandire konse, ndilo la Augusta ku Georgia, kumene kuchitika mpikisano wa Masters. Kumeneko akuda anali onyamula ndodo okha. Ngakhale anapambana kawiri, sanaitanidwe. Ndipo pamene eni ake anakhazikitsa lamulo lakuti wopambana aliyense aziitanidwa, nyengo yake inali itapita. Anaona dzikolo patali monga Mose paphiri la Nebo. Amene analowamo poyamba ndi Lee Elder mu 1975. Mu 1997 Tiger Woods, mnyamata wa zaka 21, anapambana Masters poposa womutsata ndi 12, ndipo tsiku lomwelo anatchula Sifford, Elder ndi Rhodes monga anthu amene anamulambulira njira. Woods ankamutcha Sifford agogo ake, ndipo mwana wake wamwamuna, wobadwa mu 2009, anamutcha Charlie.

Ulemu unadza paukalamba. Mu 2004 dzina lake linalembedwa m'nyumba ya chikumbutso cha akatswiri a gofu a dziko lonse, iye wakuda woyamba. Ndipo amene anasankha kuti amuonetse kwa anthu tsiku limenelo anali Gary Player, mzungu wa ku South Africa. Mu 2006 sukulu yaukachenjede ya St Andrews ku Scotland, kwawo kwenikweni kwa gofu, inamupatsa digiri yaulemu. Mu November 2014 Pulezidenti Barack Obama anamuveka mendulo ya Presidential Medal of Freedom, nkhalambayo ili pampando wa mawilo. Anamwalira ku Cleveland pa 3 February 2015, ali wa zaka 92.