Malumo atatu a ku Japan ndi mitu imene ankameta

Pali malumo atatu a ku Japan amene ndikufuna tiwayerekezere. Loyamba ndi lakale lochedwa kamisori, laciwiri ndi lopinda limene anatengera kwa Azungu, lacitatu ndi la masiku ano losintha lezala. Anthu akamakangana kuti lakuthwa ndi liti, ine ndimayamba ndafunsa kuti: lumoli analisulira dzanja la yani, kuti limete mutu wa yani? Yankho lake lili m'mbiri ya dzikolo.

Kamisori ndi citsulo cimodzi cosapinda. Kuthwa kwake nkwakufupi, masentimita asanu kapena kupitirira pang'ono, ndipo kogwirira amakulungako luzi. Ajapani amati lumoli linalowa m'dziko lawo pamodzi ndi cipembedzo ca Cibuda, cimene cinadzera ku Korea m'zaka za m'ma 500. Nchito yake yoyamba inali yopatulika: kumeta mpala munthu amene wasiya banja ndi cuma kuti akhale mmonke. Ife amene timameta pothetsa maliro tikudziwa kuti kumeta kotere sikungocepetsa tsitsi, ndiponso kuti munthu sadzimeta yekha.

Pambuyo pake lumo linafika kwa asilikali ochedwa samurai. Iwo ankacotsa tsitsi kuyambira pamphumi mpaka paliwombo kuti mutu usatenthe m'cisoti ca nkhondo, ndipo poyamba ankacita kulizula. Lumo linawaombola ku ululu umenewo. M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, kametedwe aka kanafalikira kwa amalonda ndi amisiri, moti ometa ochedwa kamiyui anaculuka m'mizinda. Nawonso amayi okwatiwa ankameta nsidze.

Mbiri imeneyi imaoneka pa citsulo ceniceni. Wosula amatenga citsulo cofewa, namatapo pamoto kacidutswa kopyapyala ka citsulo colimba ku mbali imodzi yokha. Colimbaco ndico cimadula, cofewaco cimaciteteza kuti cisathyoke komanso cimafewetsa nchito yonola. Motero mbali ziwiri za lumo sizifanana. Mbali yochedwa omote, kumene kwaculuka citsulo cofewa, amainola kambiri. Yochedwa ura amangoikhudzitsa pamwala pang'ono. Ndiye cifukwa cake pali kamisori wa dzanja lamanja ndi wina wa lamanzere. Kwa wometa mnzake palibe vuto, pakuti amazungulira mutu momwe akufunira. Koma wodzimeta yekha, tsaya limodzi limamuyendera bwino, linalo amavutika nalo.

Akamisori amasiyananso citsulo. Colemekezeka koposa ndi tamahagane, ca malupanga, cimene amasungunula ku mcenga wakuda wokhala ndi citsulo m'ng'anjo yadothi yochedwa tatara. Ng'anjo ya ku Okuizumo m'cigawo ca Shimane, imene anaitsitsimutsa mu 1977, imayaka masiku atatu usana ndi usiku. Imadya matani pafupifupi 10 a mcenga ndi 12 a makala, nkutulutsa cibuluma ca matani awiri ndi theka, ndipo citsulo capamwamba ndi gawo cabe la cibulumaco. Malumo ambiri ndi a citsulo ca kufakitale: ca ku Sweden, kapena ca ku Yasugi cimene amacicha "pepala loyera" ndi "pepala labuluu" potsata mapepala amene ankamatapo pocisiyanitsa. Coyera sicivuta kunola; cabuluu anathiramo chromium ndi tungsten, ndiye cimacedwa kubuntha. Koma ndikuti citsulo cabwino popanda mwala wabwino ncacabe. Miyala yonolera yochuka inkakumbidwa m'mapiri a kufupi ndi Kyoto, ndipo migodi yambiri, monga wa Nakayama, inatsekedwa kale.

Lumo laciwiri linabwera ndi kusintha kwa boma. Mu 1871 boma la Meiji linalola amuna kudula tsitsi lomanga pamutu lija, mfumu yaikulu inadula lake mu 1873, ndipo mu 1876 kuyenda ndi lupanga kunaletsedwa. Mpala wa paliwombo unatha, malo ometera a cizungu anatsegulidwa, ndipo malumo opinda onga a ku Sheffield ndi ku Solingen anapeza msika. Lumo lopinda amalinola mofanana mbali zonse, limagwirika ndi dzanja lililonse, ndipo ukalipinda umaliika m'thumba osadziceka. Amisiri a ku Japan sanangoonerera. Iwasaki Kōsuke wa mumzinda wa Sanjo, amene anaphunzira sayansi ya citsulo ca malupanga, anasula malumo opinda ndi tamahagane itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo mwana wake Shigeyoshi anapitiriza nchitoyo.

Lacitatu ndi la makampani. Ku America, King C. Gillette analandira ciphaso ca lumo la lezala lotaya mu 1904. Ku Japan, mzinda wa Seki, umene unali kwawo kwa osula malupanga, ndiwo unabala Kai mu 1908 ndi Feather mu 1932. Ometa ambiri a kumeneko lero amagwira lumo looneka ngati kamisori kapena lopinda, koma lokhala ndi lezala losintha. Silifuna mwala, ndipo aliyense akhoza kumetedwa ndi lezala lakelake. Ici si cinthu cacing'ono: lumo limodzi likayenda m'mitu yambiri osaliphika kapena kulitsuka ndi mankhwala, likhoza kufalitsa matenda oyenda m'magazi monga a ciwindi a hepatitis B.

Tsono labwino ndi liti? Wometa anthu ambiri pamsika asankhe lacitatu, ndipo pamenepa sindinyengerera. Wodzimeta yekha amene ali ndi mwala ndi nthawi, lopinda limukwanira. Kamisori ndi wa munthu amene ali ndi womumeta, kapena amene waphunzitsa manja ake onse awiri. Osula kamisori atsala owerengeka, cifukwa luso lake limatenga zaka ndipo ogula ndi ocepa. Lezala likabuntha timataya nkugula lina. Wosula akafa wopanda wophunzira, palibe sitolo imene tingakamuguleko.