Kafukufuku

Mukawatchula pang'onopang'ono mawu akuti kafukufuku, mumva kufukula m'kati mwake: kukumba dothi kuti chokwiririka chionekere. Tanthauzo lake ndi kufufuza nkhani mwadongosolo mpaka kupeza yankho lokhala ndi umboni.

Pa sukulu ya ukachenjede, mawuwa amalemera kwambiri munthu akapitirira digiri yoyamba. Wophunzira masitazi amatha pafupifupi zaka ziwiri, pomwe wa PhD amatha zaka zitatu kapena kuposerapo, akulondola funso limodzi mothandizidwa ndi mphunzitsi womuyang'anira. Pamapeto amalemba buku la zomwe wapeza, ndipo akatswiri amaliunika asanamupatse digiri.

Ambiri akamva kafukufuku amaganiza za mankhwala kapena mbewu. Koma wofufuza za mbiri, chilankhulo ndi chikhalidwe nayenso amafukula. Khasu lake ndi mafunso. Munda wake ndi makalata akale osungidwa ku National Archives ku Zomba, nyimbo za pamtondo, miyambi ndiponso zokumbukira za agogo.

Chichewa chomwechi chinapindulapo. Mark Hanna Watkins, pochita PhD ku Chicago, anafufuza malamulo a chilankhulochi mothandizidwa ndi Kamuzu Banda, yemwe panthawiyo anali wophunzira, ndipo buku lake linatuluka mu 1937.

Choncho tisapeputse mawuwa powatchulira chilichonse chomva m'maluwa. Kafukufuku weniweni amafuna kudekha, kufunsa mwaulemu ndi kunena zoona, ngakhale zofukulidwazo zitatsutsa zomwe wofufuzayo ankayembekezera.