Kaputeni amene anamiza chombo chake kuti achipulumutse

Pa 29 November 1631, Kaputeni Thomas James anatsikira m'mimba mwa chombo chake pamodzi ndi kalipentala, choboolera chili m'manja, n'kuboola matabwa kuti madzi alowe. Sanapenge ayi. Ine ndimati m'ulendo wake wonse, pamenepa ndi pomwe mkuluyu anaganiza bwino kwambiri, ngakhale anyamata ake ankaona ngati wawakumbira manda.

James ananyamuka ku Bristol, ku England, mu May chaka chomwecho pa chombo cha matanga chotchedwa Henrietta Maria, dzina la mkazi wa Mfumu Charles I. Anali anthu 22. Amalonda a ku Bristol anamutuma kukafuna njira yapamadzi yodutsa kumpoto kwa Canada kukatulukira ku Asia. Kumapeto kwa August anakumana ndi Luke Foxe, yemwenso ankasaka njira yomweyo m'nyanja ya Hudson Bay. Foxe ataona kuti nyengo ikutha anabwerera kwawo chaka chomwecho, osataya munthu ndi mmodzi yemwe. James anapitirira chakummwera, ndipo October anamupeza pachilumba cha Charlton, m'chigawo cha nyanja chomwe lero chimatchedwa James Bay.

Apa ndiye panagona nkhani. Chisanu cha kumeneko si cha June wathu uja timadandaula nachoyu. Nyanja yeniyeniyo imauma gwa kwa miyezi yambiri. Koma nthawi yoopsa kwambiri kwa chombo ndi pamene madzi ayamba kuundana koma asanalimbe. Zibuma za ayezi zimayendayenda ndi mphepo, zikugunda matabwa ndi kukhukhuza zingwe za nangula. Pa Charlton madzi ndi osaya. Mphepo ikabwera, mafunde ankanyamula chombo n'kuchimenyetsa pamchenga, kuchinyamulanso n'kuchimenyetsanso, usiku wonse. Taganizani muli m'katimo, mukumva thabwa lililonse likulira.

Kuchisiya chikuyandama kunali kudikira tsiku loti chiphwasuke. Kuchikokera kumtunda nako sikukanatheka: chombo cha matani 70, anthu ochepa, ofooka kale, gombe lili patali. Ndiye James anasankha njira yachitatu. Chombo chodzaza madzi chimalemera, chimakhala pansi phee, mafunde sachidumphitsanso. Ndipo poti pamalopo panali posaya, kumtunda kwake kunatsalabe kukuonekera pamwamba pa madzi. Anasamutsira kumtunda buledi ndi katundu yemwe anatha kunyamula, n'kuboola, basi.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti palibe ankadziwa ngati chidzadzukanso. Kalipentala, William Cole, munthu wodziwa matabwa kuposa onse, ankakhulupirira kuti chombocho chatha ntchito. Choncho anagwirizana zoyamba kukhoma boti laling'ono, loti lidzawatulutse ngati chachikulucho chakanika. Zaka 20 zokha m'mbuyomo, Henry Hudson anathera nyengo yozizira m'dera lomweli, ndipo mu June 1611 anthu ake anamuukira n'kumusiya m'kaboti panyanja. Sanaonekenso. James nkhaniyo ankaidziwa. Kumiza chombo pamaso pa anthu anjala, pamalo oterowo, kumafuna munthu wolimba chiwindi.

Miyezi yotsatirayo inali ya masautso okhaokha. Anamanga tinyumba m'nkhalango. Zakudya zina zinatsalira m'chombo, zitaundana mu ayezi. Matenda a scurvy, obwera chifukwa chosowa zipatso ndi ndiwo zamasamba, anawagwira: nkhama kutupa, mano kugwedera, miyendo kukana kuyenda. Cole anadwala koma ankagwirabe ntchito pa boti lija, mpaka anamwalira mu May 1632 lisanathe. Otsalawo anayamba kupeza bwino atatulukira timasamba tamtundu wa nyemba zakutchire tomwe tinamera chisanu chitayamba kuchepa.

Ntchito yodzutsa chombo anaiyamba chisanu chisanatheretu. Anaswa ayezi wa m'kati ndi zitsulo, kumutaya kunja pang'onopang'ono, kutseka mabowo aja, kenako kupopa madzi. Chiwongolero chinali chitathothoka n'kusowa. Anachifufuza pansi pa ayezi mpaka kuchipeza. Mu June Henrietta Maria anayandamanso.

Musaganize kuti ndikumusandutsa ngwazi. Foxe, yemwe anadya naye limodzi m'chombomo, analemba poyera kuti James sanali katswiri wa panyanja, ndipo mwina sankanama. Munthu yemweyu, atatsala pang'ono kuchoka, anakwera mumtengo n'kulamula kuti ayatse moto kuti aone ngati pali anthu oyandikira amene angayankhe. Motowo unalusa, unayatsa nkhalango, iye n'kupulumukira podumpha. Komanso akanabwerera nthawi yabwino ngati Foxe, manda a pa Charlton aja sakanakumbidwa. Nzeru yomiza chombo inabwera kudzakonza vuto lomwe anadziitanira yekha.

Anachoka pachilumbapo kumayambiriro kwa July, n'kuyesanso kusaka njira ija kwa milungu ingapo, koma ayezi anawatsekera. Anafika ku Bristol pa 22 October 1632, ndipo chaka chotsatira James anasindikiza buku lofotokoza ulendowu. Njirayo munthu woyamba kuidutsa yonse pachombo anali Roald Amundsen, pakati pa 1903 ndi 1906. Henrietta Maria atamukokera pouma padoko la kwawo, anapeza kuti chigawo chachikulu cha msana wake wapansi chinathothoka kalekale.