Njanji ya Cape Town ndi Maseva Akale

Njanji yochoka ku Cape Town inafika ku Wellington mu 1863, yotambalala mamilimita 1435. Mu 1873 boma la Cape linasankha mulingo wa mamilimita 1067, womwenso njanji za Malawi zimatsata. Kuti sitima zakale zisaime, anayala chitsulo chachitatu pakati mpaka kusintha kutatha. Opanga mapulogalamu olumikizira ku database amatsata nzeru yomweyi. Mwachitsanzo, database ya PostgreSQL inabweretsa protocol (njira yolankhulirana ndi seva) yatsopano mu 2003, koma libpq, pulogalamu yake yolumikizira, inapitirizabe kumvana ndi maseva akale mpaka 2021. Ena amati kusunga zakale kumalemetsa ntchito ndiponso kumabisa zolakwika. N'zoona, koma banki kapena chipatala sichingasinthe seva tsiku limodzi. Zakale zisungidwe ndithu, koma tsiku lozichotsa lilengezedwe nthawi ikadalipo.