Nyimbo za ku India ndi Nthawi Zace

Kumpoto kwa dziko la India kuli mwambo wakale wakuti nyimbo iri yonse ikhale ndi nthawi yace. Oimba a kumeneko ali ndi mau asanu ndi awiri okwererapo ndi kutsikirapo, ndiwo Sa, Re, Ga, Ma, Pa, Dha ndi Ni. Mwa mau amenewa amasankha asanu kapena oposerapo, nawakonza monga njira yoti woimba ayendemo. Njira yotere amaicha raga.

Makolo ao anagawa usana ndi usiku m'zigawo 8, ciri conse ca maora 3, napatsa raga iri yonse cigawo cace. Bhairav ndi ya mbandakuca, Todi ya m'mawa dzuwa litakwera, Bhimpalasi ya dzuwa litapendeka, Yaman ya madzulo poyatsa nyali, ndi Darbari ya pakati pa usiku. Maraga ena amatsata nyengo, monga Malhar ya nthawi ya mvula. Iwo ankati raga yoimbidwa pa nthawi yolakwika siigwira mtima.

Mfumu Akbar, imene inalamulira kuyambira 1556 kufikira 1605, inali ndi woimba wochuka dzina lace Tansen. Anthu amasimba kuti tsiku lina iye anaimba Deepak, raga ya moto. Nyali zinayaka zokha, thupi lace linatentha, ndipo anapulumuka pokhapokha Malhar itaimbidwa, mvula nigwa. Imeneyi ndi nthano cabe, koma itisonyeza ulemu umene iwo ankapereka kwa maraga.

Kwa zaka mazana ambiri ophunzira ankalandira nzeruzi pakamwa pa aphunzitsi ao. Vishnu Narayan Bhatkhande, loya wa ku Bombay amene anabadwa mu 1860 namwalira mu 1936, anaopa kuti zidzatayika. Cotero anayenda m'mizinda yambiri kufunsa oimba okalamba, nalemba zimene anamva m'mabuku. Maraga anawaika m'magulu 10, nalongosolanso nthawi zao.

Koma mafumu atatha mphamvu panabuka bvuto. Oimba anayamba kuimbira makamu m'nyumba zazikulu za m'mizinda, kumene anthu apanchito amasonkhana madzulo okha. Motero maraga a m'mawa anayamba kusowa owamva. Kummwera kwa India saumirira mwambo wa nthawiwu, koma kumpoto oimba ambiri akuusungabe. Cifukwa cace nthawi zina amakonza zoimba za usiku wonse, ndipo omvera amacezera kufikira kuca, kudikira kuti amve Bhairav pa nthawi yace.